Sipidomita ikuti 140, mchenga ukuti tsika ukankhe

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amatulutsa ndalama zambiri kugula njinga yamoto yatsopano imene anaipanga dala kuti izioneka yakale. Amafuna nyale yozungulira, mawilo a masipoko, mpando wautali wathyathyathya, zitsulo zonyezimira ndi mpope wa utsi wolira mwaulemu. Loweruka amaipukuta, Lamlungu amaikwera kupita kukamwa khofi, amaijambula, kenaka n'kukaitsekera mpaka sabata yamawa. Mwana wa achemwali anga ndiye anandionetsa anthu amenewa pa YouTube, tili pachulu pamene netiweki imagwira. Ndinayang'ana njinga zawozo, n'kucheukira yanga imene inali itatsamira mtengo wa mango ndi matumba awiri a feteleza kumsana. Nyale yomweyo, masipoko omwewo, mpando womwewo. Kani ife a ku Chifunde tinalemera kalekale, kungoti palibe anabwera kudzatiuza.

Maonekedwe amenewa ali ndi kholo lake. Mu 1975 kampani ya Honda ya ku Japan inatulutsa njinga yotchedwa CG125, itatumiza kaye anthu ake kukaona mmene a m'maiko osauka amasamalira njinga zamoto. Anapeza kuti sasamala. Oyilo sasintha, pampando wa anthu awiri amakwerapo banja lonse, ndipo kwa makaniko amapita tsiku limene njinga yakaniratu kulira. M'malo mowakalipira, anawapangira injini yopirira nkhanza. Chaka chotsatira njingayo inayamba kupangidwa ku Manaus m'dziko la Brazil, ndipo amene ankaitsatsa malonda anali Pelé, mfumu ya mpira ija. Pambuyo pake mafakitale a ku China anatengera kapangidwe kake, ndipo zidzukulu zake ndi zimene zadzaza msewu wa N9 kuchokera ku Tete mpaka pachipata cha Cassacatiza. Yanga ndi imodzi mwa zidzukuluzo. Pathanki pali dzina lina, pa injini lina, papepala lina, ngati munthu amene ali ndi dzina la kutchalitchi, la kudambwe ndi lina lokongolera ndalama.

* * *

Mota zambiri kuno zimabadwira m'chigafa. Fodya akangogulidwa, sabata yomweyo mudzi umayamba kununkha utsi wa petulo.

Mnansi wanga wina anachoka pakhomo atapangana ndi akazi ake kuti ndalama za fodya akagulire malata. Anakwera chapa wa ku Tete atavala jekete ya kutchalitchi. Pobwera tinamumva asanaoneke, hutala ikulira kuyambira kudambo, fumbi lili kobo. Akazi ake anatuluka, nayang'ana kumbuyo kwa njinga, nayang'ananso kumsewu kuti mwina kukubwera lole.

"Bambo a mwana, malata aja?"

"Ndi amenewa, mayi. Angobwera ali ndi matayala."

Mvula yoyamba itagwa, denga la udzu linadontha paliponse kupatula pakona imodzi. Pakona imeneyo panagona mota. Bambo anagona pambali pake atafunda thumba la feteleza. Mayi anatenga ana n'kukagona kwa amayi awo, poti pachikamwini mkazi kwawo n'kuseri kwa nkhokwe.

* * *

Sipidomita ya njinga yanga inalembedwa mpaka 140. Amene analemba nambala imeneyo sanafikeko ku Chifunde. Pa phula la N9, ndili ndekha, mphepo ili kumbuyo, nsima ndisanadye, muvi unkafika pa 90 n'kuyamba kunjenjemera pamodzi ndi mano anga. Ndi munthu kumbuyo, 70. Ukangosiya phula kulowa njira za kumidzi, 30 ndi liwiro loti anthu afunse kuti kwagwanji. Chingwe cha sipidomitayo chinaduka kale, muvi unagona pa 0. Alamu anga amati zili bwino choncho, munthu akatinena kuti timathamanga, umboni tili nawo.

Mayeso enieni ndi mchenga wa m'mitsinje youma mu Okutobala. Odziwa amachepetsako mpweya m'matayala, amaika giya yachiwiri, amakhalira kumbuyo, buleki yakutsogolo osaikhudza, maso ali kutsidya. Osadziwa amayang'ana tayala, ndipo tayala nalo limawaonetsa pogwera. Injini zimenezi zimaziziritsidwa ndi mphepo, tsono mumchenga wa mwezi umenewo mphepo kulibe. Ikayamba kununkha oyilo wopsa ndiye kuti yapempha mthunzi, ndipo uipatse. Kuithira madzi ozizira ili yotentha ndi kuitanira makaniko ndalama.

Tsiku lina ndikukankha mumchenga, thukuta lili kamukamu, gogo wina atasenza nkhuni anandipitirira nandipatsa moni. Nditatuluka ndinakwera n'kuwapitirira, nanenso kuwapatsa moni, mokweza pang'ono. Pamchenga wachiwiri anandipezanso. Anatula nkhuni, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatayala.

"Mwanawe, ngati uli ndi changu, isiye pompano tiyendere limodzi."

* * *

Pepala likuti injini ya 125 ili ndi mphamvu ya akavalo pafupifupi 11. Nditawawerengera agogo aamuna a kwathu, anafunsa kuti kavalo n'chiyani. Ndinati ndi bulu wa azungu.

"Ndiye abulu khumi ndi mmodzi akulephera chitunda cha kudimba chija? Anga awiri amakwera ndi ngolo yodzaza njerwa."

Mphamvu yeniyeni kuno timayeza ndi matumba. Awiri a makilo 50, njinga imayenda ikuseka. Atatu, tayala lakutsogolo limayamba kupepuka, ndipo pachitunda woyendetsa amasunthira pathanki, chibwano chili pafupi ndi nyale. Anayi ndi nkhani ya pakati pa iwe ndi Mulungu wako. Zonsezi zimagwidwa ndi malegeni odula ku chubu chakale, ndipo amene legeni linamukwapulapo pamlomo amadziwa chifukwa chake timamanga katundu nkhope titatembenuzira kumbali.

Hutala yanga inafa ikadali yatsopano. Tsiku lopita ndi mbuzi kumsika ndi lokhalo limene ndimayenda ndi hutala yodalirika. Pabampu iliyonse imalira yokha, ndipo ana ndi nkhuku amapatuka ndikadali kutali. Alamu anga anachita kundipempha kuti ndisaigulitse.

Wina anagula matiresi ku Tete n'kuimanga chopingasa kumbuyo, nyengo imene mwera umaomba. Akuti ulendo wonse wopita kumpoto petulo sanathe n'komwe. Koma atafika pokhotera kwawo matiresi inakana, ndipo anakaima pachipata cha Cassacatiza alibe pasipoti.

* * *

Mabomba a petulo kuno ndi otalikirana, choncho mafuta timagula m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, oyalidwa pathandala, akuwala padzuwa. Wogulitsa amalandira mametikali, makwacha a ku Zambia, nthawi zina ndi a ku Malawi omwe, ndipo masamu osinthira ali m'mutu mwake yekha. Lita yake ndi botolo la madzi akumwa limene analifinyako m'chiuno. Ukadandaula kuti silinadzaze amati dzuwa lamwako.

Njinga zimenezi sizimwa kwambiri. Lita imodzi imakuyendetsa makilomita opitirira 30 ngati sunanyamule mudzi wonse. Pansi pa thanki, kumanzere, pali kampopi ka njira zitatu: kutsegula, kutseka ndi rizevu. Rizevu ndi mafuta otsalira pansi pa thanki oti akufikitse pogulira ena. Amene anapanga kampopi kameneka ankaganiza kuti njinga imakhala ndi mwini mmodzi. Kuno njinga ya malume ndi ya mbumba yonse. Mwana wa achemwali anga amabwera m'mamawa manja ali kumbuyo.

"Malume, ndingofika apa pachigayo."

Chigayo chakecho chimakhala ku Furancungo. Madzulo amaibweza ataipukuta bwinobwino, kampopi atakabwezera pamalo pake ngati sanakhudze rizevu, thanki ili pululu. Iwe umadziwa mawa lake, uli pakati pa tchire, ukatembenuza kampopi n'kumva kuti zii.

Pamenepo m'pamene umaphunzira luso limene silinalembedwe m'buku la njinga. Umaigoneka kumanzere kuti timafuta tobisala mbali ina ya thanki titsikire kukampopi. Zikakanika umatsegula chivundikiro, n'kuika pakamwa, n'kuuzira mpweya masaya atatupa. Odutsa amaganiza kuti ukuinong'oneza. Ena amati ukuipempherera, ndipo sakunama kwenikweni.

Pamtsetse aliyense amazimitsa injini kuti asunge mafuta. N'chifukwa chake nkhuku zambiri za kuno zimafera pamtsetse. Zinazolowera kuthawa phokoso, za mota yobwera mwakachetechete sizinaphunzire.

* * *

Makaniko wathu ali ndi garaja pansi pa mkuyu. Zida zake ndi masipanala atatu, pulayazi, sikuludiraiva imene kale inali sipoko ya njinga yakapalasa, ndi khutu. Ukamafika amakhala atadziwa kale matenda, poti wamva kulira kwake uli kumsika.

"Mavalavu akugogoda, achimwene. Ndipo tchenicho mukuchizunza."

Choyamba amatulutsa pulagi n'kuipenyetsetsa padzuwa. Ikakhala yakuda ndi mwaye, akuti kabureta ikupereka mafuta ambiri. Ikakhala yotuwa mbuu, ikupereka ochepa ndipo injini ikutentha. Ikakhala yofiirira bwino, ndiye kuti vuto ndi mwini njinga. Amaipala ndi mbali ya bokosi la machesi, amayeza mpata wake ndi chikhadabo, kenaka amaigunditsa pa injini iwe ukuponda kiki, kuti aone ngati ikuthetheka moto. Ukakhala ndi ngongole yake yakale amasintha ntchito: pulagi ugwire ndiwe, kiki aponde iye. Ndalama imapezeka tsiku lomwelo.

Mano a sipuroketi akatha mbali imodzi, amaitembenuza kuti adyerenso mbali inayo. Chubu changa chakumbuyo akuti tsopano tikumata zigamba pa zigamba, chubu chenichenicho chinatisiya kale.

Tsiku lina anamasula injini yonse n'kuyala zitsulo pathumba la saka, nkhuku zikudutsa pakati. Atamanga, pathumba panatsala mabawuti atatu ndi kasipuling'i.

"Amisiri, nanga izi?"

"A kufakitale amangoikamo ambirimbiri, poti sagula ndi ndalama zawo."

Kuponda kamodzi njinga inalira, ndipo ikulirabe mpaka lero. Mabawutiwo anakamangira njinga ya munthu wina, imene nayo inasiya ake. Akuti akasonkhanitsa okwanira apanga yakeyake.

* * *

Njinga imabwera ndi magalasi awiri. Sabata isanathe limodzi limasamukira kuchipinda kwa mayi, linalo kubafa kwa bambo kukametera ndevu. Ukafuna kudziwa za kumbuyo umafunsa amene wanyamula.

Wapolisi wina wapamsewu anaimitsa mnyamata wa m'mudzi mwathu, mutu uli pamtunda, chisoti atachipachika pahandulo.

"Iwe, chisoti chimenecho suvala bwanji?"

"Muli mazira, bwana."

"Ndiye mazira ndi mutu wako, chofunika n'chiti?"

Mnyamata anaganiza kaye. "Mazirawa ndi a eni ake, bwana. Mutuwu ndi wanga womwe."

Wapolisi anati asamutsire mazira m'malaya, chisoti avale pomwepo. Anasamutsa mwachangu navala. Dzira limodzi analiiwala.

Batire ikafa, ndipo pa njinga zambiri kuno inafa kalekale, nyale imadalira injini. Ukathamanga imawala, ukachepetsa imazilala. Tsono usiku kuti ulione dzenje uyenera kuthamanga, kuti ulizembe uyenera kuchepetsa. Koma ndi nyale yomweyo imene imafikitsa amayi oyembekezera kuchipatala pakati pa usiku kuchokera kumidzi imene galimoto siifika nyengo ya mvula, mayi ali pakati, azakhali kumbuyo atagwira tochi ya foni. Pankhani imeneyi sindiseka, ndipo amene wabwereka njinga yanga paulendo wotero sindimufunsa za rizevu.

* * *

Walira mvula walira matope, anatero akale, ngakhale analibe mota. Chitsulo chonyezimira chophimba tayala lakutsogolo, chimene anzathu akunja amachikonda kwambiri, chinakhala pafupi zedi ndi tayala. Pamakande a mu Januwale matope amadzaza mpata umenewo mpaka tayala kusiya kuzungulira. Injini ikulira, lakumbuyo likukankha, lakutsogolo likulima mzere. Aliyense amayenda ndi kamtengo kotokosera. Ena amangochimasula chitsulocho mu Disembala n'kudzachibwezera mu Epulo, ndipo miyezi yonseyo amafika kutchalitchi ndi mzere wa matope kuyambira palamba mpaka pamphumi.

Timitsinje tothira mu Luia ndi mu Kapoche, tomwe tija timakankhamo njinga mumchenga, mu Febuluwale timakhala titadzaza. Lamulo lowolokera ndi limodzi: madzi asafike pa kabureta ndi pamene injini imapumira. Akapitirira pamenepo pali anyamata a pachiwoloko. Amapisa mitengo iwiri pansi pa njinga, anayi n'kuisenza pamapewa, iwe ukutsatira nsapato zili m'manja. Mtengo mumagwirizana muli tsidya lino. Pakati pa mtsinje, madzi ali m'chifuwa, mmodzi amakumbukira kuti zinthu zakwera mitengo. Sindinamvepo munthu amene ananenerera pamalo amenewo.

Mabuleki a njinga zimenezi ali m'kati mwa wilo, ndipo akanyowa amayamba apuma kaye. Odziwa akawoloka amayenda pang'onopang'ono akuponda buleki kuti iume. Mkulu wina wa mpingo sankadziwa. Atangowoloka anatsetsereka kulowera pabwalo la anyakwawa, pamene pankazengedwa mlandu wa ng'ombe yodya chimanga cha eni. Anadutsa pakati pa odandaula ndi oyankha akukuwa "Zikomo! Zikomo!", mapazi onse awiri akukwekwereza pansi, n'kukaima m'nkhokwe ya anyakwawa omwewo. Mlandu wa ng'ombe unaimitsidwa kaye, unayamba wake, ndipo mboni zinali kale pamalo.

* * *

Nthawi ina kunadutsa mlendo wochokera ku Zambia kudzera pa Chanida ndi Cassacatiza, atakwera Royal Enfield Classic 350, n'kuima pamsika wa m'mbali mwa msewu kuti amwe madzi. Imeneyo ndiye yachikale ya m'mabuku. Kampani yake inayamba kupanga njinga zamoto mu 1901 ku Redditch, ku England. Mu 1956 zinayamba kumangidwa ku Madras, kumene lero amati Chennai, ku India, ndipo fakitale ya ku England itatsekedwa Amwenye anangopitiriza. Imene tinaonayo inali ya mtundu umene unatuluka mu 2021: injini ya 349 cc, akavalo 20, thanki ya malita 13, kulemera makilo 195. Ikamalira imati du-du-du modekha, yosapupuluma, yodziwa kuti mwini wake alibe ngongole.

Msika wonse unasiya malonda. Mwana wa achemwali anga, amene Chingerezi anachitola ku Katete, anakhala womasulira.

"Tamufunsa, imanyamula matumba angati?"

Mlendo analoza kachikwama kamodzi ka zovala. Anthu anayang'anizana.

"Nanga akazi ake amakhala pati?"

Alibe.

"Mbuzi amamanga pati?"

Alibenso.

Mayi wina wogulitsa tomato anamumvera chisoni mpaka kumupatsa nthochi zaulere.

Makaniko wathu anaizungulira, nagwada, nasuzumira pansi. Anafuna kiki, palibe, imalira ndi batani lokha. Anafuna kabureta, palibe, mafuta amapoperedwa motsogozedwa ndi kakompyuta. Anadzuka n'kupukuta m'manja ngakhale sanakhudze kanthu.

"Uwauze kuti njinga yawo ndi yokongola kwambiri, ndipo ndikuipempherera kuti isadwalire kuno."

Anyamata a pachiwoloko atamva za makilo 195 anapita kaye pambali kukakambirana.

Kunena zoona ndinaisirira, ndipo usiku umenewo ndinailota. Pa phula imayenda 80 kapena 90 tsiku lonse osatopa, pamene yanga paliwiro limenelo mabawuti amayamba kutsanzika. Koma njira ya kumudzi kwathu imafuna njinga yoti ikagwa munthu mmodzi aidzutse, ikadwala pulagi yake ipezeke pagolosale pakati pa sopo ndi mchere.

* * *

Loweruka lomaliza la Ogasiti Achewa a m'maiko atatu amakumana ku Mkaika, ku Katete, pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kwa ife sikutali, ndiponso si kwachilendo, poti kale likulu la Undi linali mbali ino ya malire, ku Mano.

Mnzanga wina, mkamwini waulemu kwambiri, anapemphedwa kunyamula apongozi ake aakazi kukawasiya pamsewu waukulu pamene anthu ankadikira lole ya ku Kulamba. Pamwambo wathu mkamwini ndi apongozi sakhudzana, sayang'anizana, akakumana panjira wina amapatukira kuthengo. Amene anapanga mpando wathyathyathya uja sanafunse za mwambo. Akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti pakati paikidwe thumba la ufa. Mkamwini kutsogolo, ufa pakati, apongozi kumbuyo atakhala chammbali, dzanja lina pakachitsulo ka kumbuyo, lina litagwira nsalu.

Anayenda bwino mpaka pamchenga. Pamenepo njinga inayamba kuvina, ndipo apongozi anaona kuti n'kwabwino atsike ayendeko pansi. Kumugwira paphewa kuti amuuze sakanatha, choncho anangotsetsereka mwakachetechete. Mkamwini anamva njinga yapepuka, nayamika Mulungu. Anatuluka mumchenga, giya yachitatu, yachinayi. Galasi linali kuchipinda. Kucheuka sakanacheuka.

"Amayi akhala bwino kumbuyoko?"

Zii.

"Amayi akayendeko bwino, akatiperekereko moni kwa abale."

Zii. Mumtima anati, koma ndiye ndinakwatira pabanja la mwambo.

Atafika pamsewu anaima, natsika maso ali pansi, nagwada pambali pa njinga, naomba m'manja.

"Tafika, amayi."

Anthu odikira lole anaona bambo wandevu akugwadira thumba la ufa. Ena anavula zipewa, poganiza kuti mwina ndi mwambo wa kumudzi kwawo. Apongozi anafika wapansi dzuwa litapendeka, lole itapita kale. Nkhani inatha ndi nkhuku ziwiri ndi chitenje, ndipo chaka chotsatira iwo anapempha ngolo ya abulu.

* * *

Kukolola kukatha, njira za kuno zimakhala ndi eni ake. Mphunzitsi wina wochokera kugombe la nyanja yamchere, amene za kudambwe sazidziwa, anakumana ndi zilombo zikutuluka kuthengo. Anzake anali atamulangiza kale kuti akakumana nazo apatuke, atsike, aponye kandalama pansi, asayang'anitsitse. Anachita zonsezo. Kungoti mwa mantha, m'malo mozimitsa ndi kiyi, anatseka kampopi ka mafuta. Injini inapitiriza kulira mpaka kumaliza otsala m'kabureta, n'kuzima yokha.

Gule anadutsa, koma chilombo chimodzi, matope thupi lonse, nthenga kumutu, chikwanje m'manja, chinatsalira n'kumamuzungulira. Aphunzitsi analumphira pampando n'kuponda kiki. Zii. Anapondanso. Zii. Anaponda mpaka nsapato kuvuka, akuitana oyera mtima onse m'Chipwitikizi.

Chilombo chinaima, n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Kenaka chinayandikira, chinawerama, chinatambasula dzanja. Aphunzitsi anatsinzina. Chinatsegula kampopi kaja, chinagogoda kabureta ndi chigwiriro cha chikwanje, chinadikira pang'ono, n'kuloza kiki. Kuponda kamodzi njinga inalira. Chisanathamangire zinzake chinagwedeza tcheni ndi chala, n'kupukusa mutu modandaula.

Aphunzitsi amalumbira mpaka lero kuti m'zikhadabo za chilombocho munali girisi. Ife tinawauza kuti asayankhule zachibwana, zilombo zimachokera kumanda ndipo kumanda kulibe garaja. Mawa lake anapita kumkuyu kukamangitsa tcheni. Makaniko wathu anawalipiritsa kawiri, ya tcheni ndi ya ntchito ya dzulo, ndipo atafunsa kuti ntchito yanji, anati zimenezo sakamba ndi osameta.